Batani la Mkamwini

Moto uwu musaukolezere kwambiri. Nkhani imene ndikuti ndinene imafuna kamdima, kuti wofuna kuyang'ana kumwamba aone zimene ndikunena.

M'mudzi mwa Msinkhulu, kuseri kwa Mitundu, mudali mkamwini wina dzina lake Yotamu Mbewe. Kwawo kudali ku Ntchisi. Adabwera ndi ukwati, nakhala pachikamwini zaka khumi ndi chimodzi, akukonza mawailesi ndi mawotchi pakhonde la golosale ya pamsika. Mkazi wake Esinati, amene iye ankamutchula kuti Nankhoma, adali telala. Adamwalira mu Juni atangodwala masiku anayi. Adasiya makina osokera, chitini cha mabatani, ndi mwana mmodzi wamkazi wa zaka zisanu ndi zinayi, dzina lake Ndaona.

Mwambo mukuudziwa. Mkazi akamwalira, mkamwini amasudzulidwa. Akuchikazi amamumasula, iye n'kunyamula zake kubwerera kwawo. Ana amatsala, poti ndi mbumba ya pamudzi. Tsiku la Yotamu lidali litatchulidwa kale: Loweruka lomaliza la Novembala. Iye sadatsutse, sadali munthu wa makani. Kungoti akamadutsa pa kalendala ya kukhoma, maso ankathawira kwina.

Kuchiyambi kwa mwezi umenewo Ndaona adabwera kuchokera kusukulu ali ndi kapepala m'manja.

"Ababa, a Madamu akuti kuli chionetsero cha sayansi. Aliyense abwere ndi funso lake, afotokozenso mmene wapezera yankho."

"Liti?"

"Lachisanu loyamba la Disembala."

Yotamu adawerenga mumtima. Padzakhala patapita masiku asanu ndi limodzi iye atachoka.

"Anzako asankha chiyani?"

"Fanesi akudzala nyemba m'mabotolo. Anyamata onse akuti apanga magalimoto a mawaya, koma a Madamu akuti galimoto si funso."

"Nanga iwe?"

"Ine nyenyezi."

Usiku womwewo adayala mphasa pabwalo. Kudali kutentha kuja kodikira mvula, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe. Yotamu adaloza chakum'mawa.

"Kagulu kothithikana kaja ndi Nsangwe. Tawerenga."

"Amati ukawerenga nyenyezi umatuluka njerewere."

"Ine ndidayamba kuwerenga ndili ngati iweyo. Taona manja angawa."

Mwana adayang'anitsitsa manjawo, kenako adawerenga. Adapeza zisanu ndi imodzi.

"Tsono tsika m'munsimu. Zitatu zandondozana ngati anthu a panjira yopita kumunda, amenewo ndi Akamwiniatsatana."

Ndaona adaseka, kuseka koyamba kumveka pabwalopo chichitikire maliro. "Akamwini ngati inuyo? Akutsata ndani?"

"Amangotsatana. Koma Nsangwe ndiyo imayamba kutuluka, iwo pambuyo."

"Ndiye kuti akutsata Nsangwe. Amaipeza?"

Yotamu adatsitsa chala. "Limenelo ndiye funso lako," adatero. "Lemba."

Adagwirizana chochita. Adadula bango lowongoka. Usiku uliwonse nthawi ikakwana naini pa wotchi ya bambo, mwana ankawongola mkono, n'kutsinzina diso limodzi, n'kulunjikitsa nsonga ya bango pa Nsangwe. Pamene pagwera mkamwini wotsogola ankagwirapo ndi chala, bambo n'kulembapo kamzere. Zotsatira ankazilemba m'kope.

Chidatsala ndi choti anthu adzaone pa chionetsero. Adayesa katoni yopaka makala, koma inkadetsa manja. Ndaona adalowa kuchipinda, natuluka ndi nsalu yakuda imene mayi ake adagula kuti asoke siketi ya kutchalitchi. Idali isadadulidwe. Kudzanja linalo adanyamula chitini cha mabatani.

Yotamu adafuna kukana, koma adangomuthandiza kuyala nsaluyo.

Pa Nsangwe adasankha timabatani toyera tisanu ndi kamodzi ta pa yunifolomu yakale ya Ndaona, imene idamuthina. Pa akamwini m'chitini mudalibe atatu ofanana. Yotamu adatenga lezala nadula atatu a pa jekete lake la ukwati. Mwana adasoka yekha, misoko ikuluikulu yokhotakhota, lilime lili panja. Atamaliza adayeza ndi tepi ya mayi ake: kuchokera pa Nsangwe kufika pa batani lotsogola, masentimita makumi anayi. Adalemba m'kope, nsalu n'kuisiya yoyala patebulo la makina.

Usiku umenewo Yotamu adamva chitini chikulira, kulira kwa mabatani pamene chala chikufufuza m'kati. Adati ndi makoswe. Kutacha singano sidali pa ulusi pamene adaisiya. Adafuna pansi, pansi pa makina, m'mphasa. Adaipeza akutuluka, itabayidwa pafelemu la chitseko, pamtunda wa phewa la munthu wamkulu. Ndi pamene Esinati ankabaya singano akamapita kukaphika. Pamalopo padali timabowo tambirimbiri ta zaka khumi ndi chimodzi. Ndaona ngakhale atanyanyamphira sakadafikapo.

Adaizula naibwezera pa ulusi, osauza munthu.

M'mawa wachitatu mwana adamuitana ali kuchipinda.

"Ababa, mwasunthiranji mkamwini wanga?"

Batani lotsogola lidali litachoka pamzere. Pamene lidali padatsala timabowo ta misoko ya mwana, yophwasulidwa mwaulemu, osang'amba nsalu. Lidali litasendera cha ku Nsangwe ngati zala ziwiri. Yotamu adatembenuza nsalu. Kuseri misoko idali ing'onoing'ono, yopendekera kuchokera kumanzere, mfundo ziwiri pamapeto. Esinati adali wamanzere, ndipo sankadula ulusi ndi sizasi, ankaluma. Nsonga ya ulusiwo idali yonyeketeka ndi mano. Ataigwira, idali yonyowa.

"Ndine," adatero. "Ndinaona ngati lapotoka. Pepa, ndibwezera."

Adalibwezera ndi manja ake. Mawa lake lidali litabwerera pamene adalichotsa, n'kuonjezanso zala ziwiri.

Tsiku limenelo adatenga singano ndi ulusi wonse kupita nazo kumsika, nakazitsekera m'bokosi la zipangizo zake, kiyi ali m'thumba. Kutacha singano idali pafelemu. Batani lidali litasenderanso, losokedwa ndi ulusi wabuluu. Adasinkhasinkha kuti ulusi wabuluu wachokera kuti, mpaka pamene adavala malaya ake a kuntchito napeza mpendero wam'munsi utasololedwa.

Kuyambira pamenepo adaleka kubisa zinthu.

Kumwamba kudalibe chosintha. Usiku ndi usiku chala cha mwana chinkagwera pa kamzere komweko ka pabango. Nyenyezi zinkafulumira kutuluka pang'ono tsiku lililonse, koma mpata wa pakati pa Nsangwe ndi akamwini udali womwewo. M'kope mudadzaza mawu amodzi: chimodzimodzi, chimodzimodzi, chimodzimodzi. Koma Ndaona adali atajambula mzere wina pambali, umene bambo ake sadamuuze, ndipo m'menemo ankalembamo za pansalu. Makumi atatu ndi asanu ndi limodzi. Makumi atatu ndi awiri. Makumi awiri ndi asanu ndi atatu.

"Si inu eti, Ababa?" adafunsa usiku wina, diso lili lotsinzina, bango lili m'mwamba. "Inu simutha kusoka chonchija."

"Ukuopa?"

"Ayi." Adatsitsa bango. "Koma a Madamu adzati ndanama."

Kutatsala masiku atatu kuti Loweruka lifike, kudabwera a Chikadza, mlongo wake wa Esinati, mwini mbumba. Adali munthu wa ngolo, wamkulu thupi, wokonda nthabwala, ndipo iye ndi Yotamu sadayambanepo. Adamangirira ng'ombe pamtengo wa mango nalowa akupukuta thukuta ndi chipewa.

"Alamu, ndamva kuti mwatsegula yunivesite pabwalo pano. Usiku wonse kuloza kumwamba ndi bango ngati mukuthyola mapapaya a Mulungu. Mvula ikachedwa tidzadziwa kuti mwaibaya ndinu."

"Ndi za kusukulu za Ndaonayu."

"Ndionetseni, nanenso ndiphunzireko. Ine nyenyezi ndimangodziwa ya Nthanda, yondidzutsa kukamanga ng'ombe."

Ndaona adatambasula nsalu nafotokoza. A Chikadza ankagwedeza mutu akumwetulira, mpaka adafunsa chifukwa chake mkamwini mmodzi wathawa anzake. Adanyamula nsalu, naitembenuza.

Kumwetulira kudatha. Munthu uyu mathalauza ake onse adali ndi zigamba za mlongo wake. Misoko imeneyo ankaidziwa ngati mmene ankadziwira mabala a ng'ombe zake.

"Ndaona, pita ukazipatse madzi ng'ombezo."

Mwana atatuluka, adakhala pampando pang'onopang'ono.

"Zayamba liti?"

"Mlungu umodzi wapita."

"Osandiuza? Batani ili ndi la ndani?"

"La jekete langa. La ukwati."

A Chikadza adapumira m'mwamba. Adaika zala zawo zikuluzikulu pansalu nayeza mpata wotsala. Zala zisanu ndi zitatu.

"Alamu, inu mumayesa kusudzula ndi kuthamangitsa munthu. Ayi. Ine ndikadakonda mukadakalambira pano, wailesi yanga azikonza ndani? Kusudzula ndi kuuza wapitayo kuti ukwati watha, asiye. Mlongo wangayu palibe wamuuza. Akuona ngati akadali pabanja."

"Ndiye akusoka."

"Akukoka. Inu ndi ophunzira, tawerengani. Zala ziwiri usiku uliwonse. Lifika liti?"

"Loweruka usiku."

"Lifika pati?"

"Pa Nsangwe."

"Nsangwe yakwathu mukuidziwa kumene ili. Mayi anga, azakhali, agogo, iyeyo, onse agona pamodzi kumsitu kuja, mothithikana chomwechi." Adagunda timabatani toyera ndi chala. "Loweruka lisaphonyeke, alamu. Dzuwa lisadalowe mukhale mutakwera basi."

"Nanga Ndaona?"

"Ndaona ndi wathu. Adzadya, adzavala, sukulu sadzasiya, ndikulumbira. Muzidzabwera kudzamuona pa Khirisimasi. Bola bambo wa ku Ntchisi kusiyana ndi bambo wa kumsitu."

Yotamu adavomera ndi mutu. Mawuwo adali oona, ndipo adanenedwa mwachikondi. Chimenecho ndicho chidamupweteka.

Lachisanu usiku, katundu atamanga kale, sadagone. Mwana atagona adazimitsa nyali nakhala pansi pakona ya chipinda, msana kukhoma, tochi ili m'manja. Kunja agalu adauwa, kenako adaleka onse nthawi imodzi. Padapita nthawi yaitali.

Choyamba lidali fungo, mafuta a makina osakanikirana ndi sopo wochapira. Kenako mpando wa pamakina udalira pang'ono, monga umalirira munthu akakhalapo. Chitini. Kenako kamawu kakang'ono kwambiri, ka ulusi ukudutsa m'nsalu, kukoka, kuima, kukokanso. Mumdimawo sankaona kanthu, koma mbali ya kutebulo mdima udali wokhuthala kuposa kwina.

Chala chake chidali pa swichi ya tochi. Sadayatse.

"Nankhoma," adanong'ona. "Mukundikokera kuti? Kuno, kapena uko?"

Ulusi udaima.

Adadikira mpaka adayamba kumva kugunda kwa wotchi ya pamkono pake. Yankho silidabwere. Ulusi udayambanso kuyenda, kawiri, katatu. Kenako kamawu ka mano akuluma ulusi. Mpando udaliranso. Fungo lidatsalira mpaka tambala woyamba.

M'mawa padatsala zala ziwiri.

Achimwene ake, a Elifala, amene adali nkhoswe yake, adali atafika kuchokera ku Ntchisi. Anthu asadasonkhane, Yotamu adaitana mwana wake kuseri kwa nyumba, navula wotchi. Adaboola bowo lina palamba ndi msomali kuti imukwane.

"Naini ikakwana, uziyeza monga mwa masiku onse. Masiku asanu ndi limodzi okha atsala."

Ndaona adayang'ana wotchi ili pamkono pake. Sadalire. Adali mwana wa bambo ake.

"Dzanja ili ligwira bango, ili ligwira pamene pafika nyenyezi. Alembe kamzere ndani?"

"Amalume ako."

"Amalume amagona seveni."

Yotamu adatola msomali uja, nabwerera kubwalo.

Anthu adakhala pansi pa mtengo wa mango, akuchikazi mbali iyi, akuchimuna mbali iyo. A Chikadza adayamba bwinobwino. Adayamika mkamwini wawo, kuti zaka khumi ndi chimodzi sadamvepo kulira kwa mlongo wawo, kuti nyumba adafolera malata, kuti pa matenda sadachoke pambali pa mphasa. Atafika pa mawu enieni omasula, Yotamu adaomba m'manja mwaulemu.

"Pepani, ndilankhuleko."

"Si nthawi yako ino," adatero a Elifala chapansipansi.

"Musandisudzule."

Mayi wina adakoka mpango kuphimba pakamwa.

"Yotamu, wapenga?" adatero a Elifala. "Ndawononga tsiku lathunthu panjira."

A Chikadza sadakweze mawu. "Alamu, ndinakuuzani tanthauzo lake."

"Munandiuza, ndipo mwina mukunena zoona. Koma ine ndakhala ndikuyeza nsalu ija ndi mwanayu masiku onsewa. Inu mukuti timabatani toyera tija ndi a kumsitu. Timabatani tija tinachoka pa yunifolomu ya Ndaona. Amene adatisoka ndi mayi ake mwana akuyamba Sitandade 1. Ndawafunsa usiku wathawu, sanandiyankhe. Sindikudziwa ngati akundikokera kwa mwana kapena kwa iwo. Chimene ndikudziwa n'chakuti sakundikokera ku Ntchisi."

"Mukalakwitsa?"

"Ndikalakwitsa, mwana mudzamutenga monga munakonzera. Simutaya kanthu."

"Titaya inu," adatero a Chikadza. Adayang'ana pansi nthawi yaitali, akupotokola chipewa. "Mukudziwa chimene mukupempha? Mukhala pamudzi pano muli mwamuna wa munthu wakufa. Simudzakwatira. Ndipo chimene chizilowa m'nyumbamo usiku, ife sitidzakhala ndi pakamwa pochiuzira kuti chituluke."

"Ndamva."

"Mwambo sukakamiza munthu kulandira ufulu," adatero a Chikadza potsiriza, akuimirira. Mawu omasula sadanenedwe. Anthu adabalalika mmodzimmodzi, osatsanzikana. A Elifala adakwera basi ya masana okha.

Usiku umenewo naini itakwana, mwana adawongola mkono, bambo nalemba kamzere pamwamba pa timizere tinzake. Chimodzimodzi. Yotamu adagona chagada, manja pachifuwa, akumvetsera. Sadziwa nthawi imene tulo tidamuba.

Adadzuka. Chimenecho ndicho choyamba adazindikira, kuti wadzuka, ndipo kunja kwayera. Patebulo batani la jekete lidali pakati penipeni pa timabatani toyera, lomangidwa ndi mfundo zambiri moti lezala ikadavutika.

Pa chionetsero adapambana Fanesi ndi nyemba zake. A Madamu adayamika kope la Ndaona, nati ndi yekhayo amene adayeza chinthu masiku oposa makumi awiri osadumphitsa. Koma nsalu adati yalakwika: akamwini ali awiri, ndipo mu Nsangwe mwalowa chibatani chosayenera.

"Tiuze yankho la funso lako," adatero.

"Kumwamba akamwini saipeza Nsangwe, Madamu. Ndayeza."

"Nanga apa wasokeranji chonchi?"

Ndaona adayang'ana bambo ake, amene adaima kumbuyo kwa makolo ena atavala jekete lopanda mabatani.

"Apa si kumwamba," adatero.

Madzulo ake kudagwa mvula yoyamba, ndipo usiku mitambo itang'ambika kumwamba kudatsukika. Ntchito idali itatha, koma mwana adatulukabe pabwalo mwachizolowezi.

"Ababa, bwerani! Nsangwe zili zisanu ndi ziwiri!"

Yotamu ankadziwa kuti mvula ikachotsa fumbi, mwana wa maso akuthwa amatha kuona yachisanu ndi chiwiri. Adaziphunzira ku sekondale. Adadziuza zimenezo ali chiimire pakhomo, phewa lake lili pafupi ndi singano. Kumwamba sadayang'ane.

Mukadutsa pamsika paja mudzamupeza pakhonde la golosale, mutu uli m'wailesi ya munthu. Adaonda, ndipo imvi zidamufulumirira, koma alipo. Ndaona ali Fomu 2 tsopano. A Chikadza amabwerabe ndi nthabwala zawo, kungoti m'nyumbamo salowa, amathera pamtengo wa mango.

Nsalu ya nyenyezi adaipinda naiika m'sutikesi. Koma chitini chimalirabe usiku, ndipo m'mawa uliwonse singano imapezeka pafelemu. Chimene chikusokedwa tsopano Yotamu sadachione, ndipo safufuza. Amangodziwa kuti n'chachitali, chifukwa ulusi umakoka nthawi yaitali usadaime.

Akamva mpando walira, amatembenukira kukhoma n'kunena mawu amodzi omwewo, mwaulemu, monga munthu wopempha kwa mkazi wake.

"Nankhoma, dikirani kaye. Mwana amalize sukulu."

Ulusi umaima. Pang'ono.